Makobiri ndi Makalata a ku Nkhata Bay

Ku London kuli nyumba zamalonda zimene zinatchuka ndi kugulitsa zinthu zakale pa okushoni: Spink, Stanley Gibbons, Sotheby's, Christie's ndi Bonhams. Mwa katundu wawo muli zinthu zimene ambirife tingazitche zinyalala, monga ndalama zimene zinaleka kale kugula kanthu, masitampu, makalata olemba pamanja, mapu, ziphaso, ndi timapepala tina timene eni ake ankati akawerenga ataye. Malonda ake amayenda monga momwe mlimi wa fodya amawadziwira ku okushoni ya ku Limbe, Kanengo kapena Mzuzu. Katundu amayalidwa, ogula amapikisana, wotchula mtengo wapamwamba ndiye amanyamula.

M'mabuku a malondawo, pansi pa dzina la Nyasaland, nthawi zina mumatuluka envelopu ya chidindo cha positi ofesi ya Nkata Bay kapena Chinteche, monga atsamunda ankalembera mainawa. Wogula amayang'ana sitampu, chidindo ndi tsiku. Kalata imene inali m'katimo kawirikawiri imakhala itasowa kalekale, ndipo iye sizimudetsa nkhawa. Munthu wa kunyanja akanafunsa zina: analemba ndani, ankalembera yani, ankapempha chiyani? Mafunso amenewa ndiwo khomo la mbiri ya dera limene kwa zaka zoposa 130 lakhala likutumiza ana ake kunja, n'kumalandira makobiri ndi mapepala m'malo mwawo.

Chuma chisanakhale ndi nkhope ya mfumu

Akuluakulu a Chitonga sanena kuti mtundu wawo unachokera kumodzi. Amatchula Anyaliwanga ngati ena mwa amene anayamba kukhala m'derali. Amatchula a Phiri a kwa Kabunduli ndi a Banda a Kapunda, amene mizu yawo imaloza kwa Amaravi, ndiponso mabanja monga la Mankhambira amene anadza pambuyo, malonda a minyanga atakula. Mibadwo imeneyo inalibe kobiri, inalibenso pepala. Ngongole inkasungidwa ndi mboni, malire a munda anali mtengo kapena mtsinje, ndipo mbiri ya banja inkanenedwa pamaliro ndi pabwalo la milandu. Wolemera ankadziwika ndi bwato, khoka, makasu, mbuzi ndi kuchuluka kwa anthu omuzungulira. Wa kugombe ankakwera kumtunda ndi usipa wouma n'kutsikako ndi mawere kapena chitsulo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda amene amakumbukidwa ndi dzina loti Balowoka anaoloka nyanja cha kumpoto, atanyamula nsalu ndi mikanda, kudzafuna minyanga ya njovu. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita ku njira ya ku Kilwa. Kuyambira pamenepo mkwamba wa nsalu unasanduka muyezo wa mtengo. Merikano, biriwita, mikanda, waya wamkuwa, onga ndi mfuti ndizo zinali ndalama. Za nthawi imeneyo zatsala zochepa zedi, pakuti nsalu inkavalidwa mpaka kung'ambika ndipo mikanda inkatsagana ndi mwini wake kumanda.

Kenako kunabwera Angoni a M'mbelwa. M'zaka za m'ma 1850 anagonjetsa midzi yambiri ya Atonga, natengera achinyamata kumapiri kukawalera m'magulu awo ankhondo. Patapita zaka pafupifupi 20 Atonga ambiri anathawa n'kutsikira kunyanja, namanga malinga ku Chintheche, ku Bandawe ndi malo ena, ndipo Angoni amene anawalondola anagonja pa nkhondo ya ku Chintheche. Zipolowezi zili mkati, mu 1861, David Livingstone anadutsa m'gombeli nalemba za mafumu monga Marenga ndi Mankhambira. Zolemba zakezo zili m'gulu la mapepala oyambirira onena za dera lino, ndipo sizinagone kuno, zinapita ku Britain. Mpaka lero makalata a Livingstone ndi katundu wa okushoni. Imodzi, imene analembera mnzake Horace Waller mu 1871 ali ku Bambarre m'dziko la Congo, inagulidwa ku Sotheby's mu 1966 ndi wojambula zithunzi wa ku America, Peter Beard.

Bandawe, Mandala ndi msonkho

Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe. Mafumu a m'malinga anaulandira mishoniwo poyembekeza chitetezo kwa Angoni, koma chimene chinasintha dziko chinali sukulu. Atonga anaithamangira sukulu kuposa anzawo ambiri oyandikana nawo, ndipo pofika zaka za m'ma 1890 ana zikwi zingapo ankaphunzira m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Limodzi ndi sukulu kunafika sileti, buku loyambira kuwerenga, buku la nyimbo, kalata ya ubatizo ndi khadi la mgonero. M'busa A.G. MacAlpine, amene anakhala zaka zambiri pakati pa Atonga, anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chitonga, ndipo pambuyo pake mphunzitsi Filemon Chirwa anasonkhanitsa nthano za makolo m'buku lotchedwa Nthanu za Chitonga. Timabuku totere tinkasindikizidwa tochepa, pa pepala lotsika mtengo, ndipo tinkapatsiranidwa mpaka masamba kuthothoka. N'chifukwa chake oyamba aja amapezeka mosavuta m'nyumba za mabuku za ku Edinburgh kusiyana ndi ku Bandawe kwenikweniko.

Kampani ya African Lakes, imene abale awiri John ndi Frederick Moir ankayendetsa kuyambira 1878 ndipo aliyense ankangoitcha Mandala, inapeza antchito ake odalirika pakati pa Atonga. Iwo ndiwo anali amtengatenga, amalinyero a pa sitima, akapitawo, ngakhalenso asilikali pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo, ku Karonga mu 1888. Malipiro poyamba anali nsalu. Makobiri atayamba kuoneka ambiri ankawanyalanyaza, chifukwa kobiri savala ndiponso safunda.

Chimene chinaphunzitsa anthu kufuna kobiri ndi msonkho. Britain italengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwake, woimira boma la Britain, Harry Johnston, anakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene unadzakhala masheleni atatu pa chaka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 boma linatsegula ofesi pa Nkhata Bay ndipo msonkho unafika kwa Atonga. Kenako likulu la boma la West Nyasa linakhala ku Chintheche kwa zaka zambiri. M'masiku oyambirirawo ndalama za ku England zinkayenda limodzi ndi marupiya a ku India, amene anabwera ndi asilikali a Chisikh ndi amalonda a Chimwenye. Mu 1902 msonkho unakwera kufika masheleni 6, ndipo wokhululukidwa theka anali yekhayo amene waonetsa pepala losonyeza kuti wagwirira Mzungu ntchito mwezi wathunthu. Wopanda chiphaso ankatenthedwera nyumba, pena mkazi wake ankagwidwa chikole. Motero kapepala kakang'ono kanasanduka chinthu chosungidwa m'kachitini mosamala kuposa mikanda.

Masitampu anayamba nthawi yomweyo. Oyamba, a 1891, anali a kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, ongodindidwa zilembo B.C.A. pamwamba. Mu 1895 dziko linakhala ndi akeake, a chizindikiro chimene Johnston mwiniyo anajambula. Mu 1898 masitampu a kobiri limodzi anatha m'dziko, ndipo akuluakulu a positi ku Zomba anapanga ongogwirizira podinda chidindo cha pa macheke pakati pa kapepala kosindikizidwa komweko. Pa ena chidindocho chinakhala chozondoka, ndipo kulakwitsa kwa tsiku limodziko lero kumagulidwa mapaundi zikwizikwi. Chimodzimodzinso masitampu awiri a 1907, la makobiri awiri ndi la makobiri anayi, amene anakonzedwa koma osagulitsidwa chifukwa dzina la dziko linali kusintha kukhala Nyasaland. Pa okushoni chinthu chimadula chifukwa chosowa. Thukuta la amtengatenga a makalata, amene ankayenda usiku ndi thumba pamutu m'njira za mikango kuti akakumane ndi sitima pa doko, silikhala nawo pa mtengowo.

Njira ya ku Harare ndi ku Joni

Msonkho ndi sukulu pamodzi zinatsegula njira ya kummwera. Dziko la Atonga ndi la chinangwa ndi nsomba. Linalibe mbewu yogulitsa yoti n'kubweretsa masheleni okwanira, ndipo munda wa chinangwa amayi ankatha kuusamala amuna atachoka. Anyamata anauyamba ulendo, poyamba wa ku Blantyre, kenako wa ku Salisbury kumene ankangoti ku Harare, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Joni, mpaka ku Cape Town. Ambiri ankayenda pansi miyezi. Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, inayamba kulemba anthu ku Nyasaland mu 1903, koma Atonga ochuluka ankakonda kupita pa selefu kuti akadzisankhire ntchito, ndipo chifukwa chodziwa kulemba ankapeza ukalaliki, ukapitawo, ukhukhi ndi ntchito za m'chipatala. Komiti ya boma imene inafufuza za maulendowa mu 1935 inapeza kuti West Nyasa anali m'gulu la maboma amene amuna ake ambiri anali kunja.

Ulendowu unabala mapepala osawerengeka. Panali chitupa choyendera, tikiti ya ntchito imene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku mpaka masiku 30 atakwana, positi oda ya msonkho ndi fizi, chithunzi cha ku situdiyo munthu atatchena suti, ndi kalata. Kalata ikatsika m'sitima, mphunzitsi kapena mwana wa sukulu ankaiwerenga mokweza pakhonde, choncho za m'banja zinkamveka mudzi wonse. Makalata akaleka kubwera, munthu ankayamba kutchedwa mtchona. Wobwerera ankafika ndi bokosi lachitsulo, njinga, galamafoni ndi masheleni a siliva, ena n'kuwakwirira mu mphika pansi pa nyumba, ena n'kufupa nawo ovina malipenga ndi chilimika.

Thumba la positi lomwelo linkanyamulanso moto. Elliot Kenan Kamwana, amene anaphunzirapo ku Bandawe ndi ku Khondowe, anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town, nabwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, akulalikira kuti msonkho ndi ulamuliro wa Azungu zili pafupi kutha. Boma linamuchotsa m'dziko mu 1909, pambuyo pake linamutumiza ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndipo anabwerera mu 1937. Iye kulibe, timabuku ndi magazini a ku America tinapitirizabe kufika m'midzi kudzera pa positi. Clements Kadalie, wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anachoka mu 1915 ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU, limene linakula kukhala bungwe lalikulu kwambiri la antchito akuda kummwera kwa Africa nthawi imeneyo. Nyuzipepala yake, Workers' Herald, inkaopedwa ku Zomba, moti mu 1926 Isa Macdonald Lawrence anamangidwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepalayo pamodzi ndi Negro World ya Marcus Garvey. Mu 1933 M'busa Yesaya Zerenji Mwasi, potuluka mu mpingo wa mishoni, analemba zifukwa zake mwatsatanetsatane, ndipo chikalatacho chinadzasindikizidwa ngati buku patapita zaka zoposa 60. Chodabwitsa n'chakuti makalata ambiri a anthu oterewa anapulumuka chifukwa apolisi ankawagwira m'njira n'kuwaika m'mafayilo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse nayo inasiya zake. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, woyendetsa wake ali Captain Rhoades, inaoloka nyanja kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, kutsidya moyang'anana ndi gombe la Atonga. Asilikali ndi amtengatenga amene anapita ku German East Africa anabwerako ndi marupiya ndi mahela a Chijeremani. Otolera zakale amafunafuna masitampu a Nyasaland odindidwa N.F. amene asilikali ankagwiritsa ntchito kuyambira 1916, ndiponso ndalama ya golide ya marupiya 15, ya chithunzi cha njovu, imene Ajeremani anasula ku Tabora chaka chomwecho atatsekeredwa njira ya kwawo.

Kobiri loboola ndi Chitaganya

Kuyambira zaka za m'ma 1930 ndalama zachitsulo za ku Southern Rhodesia zinayamba kuyenda ku Nyasaland, ndipo mu 1940 kunabweranso zapepala zochokera ku Salisbury. Agogo athu amakumbukira kobiri loboola pakati, limene ankalitunga pa chingwe, ndi tiki, sikisi, sheleni ndi paundi. Kuyambira 1947 siliva anachotsedwamo m'ndalamazi, ndipo ochenjera ankaiponya sheleni pa mwala kuti amve ngati ikulira ngati yakale.

Tauni ya Nkhata Bay inakula m'zaka zimenezi. Sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 cha kumpoto kwa nyanja ndi anthu 145, ndipo mu 1951 Ilala yachiwiri inayamba maulendo ake. Likulu la boma linabwerera kuchoka ku Chintheche, doko linasanduka khomo la katundu wopita ku Mzuzu ndi ku Viphya, ndipo tsiku la sitima linakhala tsiku la makalata, la malonda ndi la misozi yotsanzikana.

Mu 1953 Nyasaland inalowetsedwa mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu akukana. Ndalama zake zinatuluka mu 1955, ndipo zinali zokongola: akadyansonga pa theka la kobiri, njovu pa kobiri, duwa pa tiki, mkango pa sikisi, mphalapala pa sheleni, nkhwazi itagwira nsomba pa masheleni awiri. Msodzi wa pa Nkhata Bay ankaidziwa nkhwazi imeneyo, koma ankadziwanso kuti ndalamayo ikulamulidwa ku Salisbury, kumene iye kapena m'bale wake anali atalawapo tsankho. M'matumba a anthu munayamba kukhala pepala lina, khadi la Nyasaland African Congress.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analetsa Congress, ndipo atsogoleri ake anagwidwa m'bandakucha. Ogwidwa kumpoto anasungidwa m'sitima ya Mpasa pa doko la Nkhata Bay. Khamu linasonkhana kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali a Royal Rhodesia Regiment anaomba mfuti. Lipoti la komiti yofufuza ya Devlin linati anafa pamenepo ndi anthu 20. Anthu a m'boma lino amawerenga 31. Kusiyana kwa manambala awiriwa kukusonyeza amene anali ndi pepala ndi amene anali ndi maliro. M'masabata otsatira, kupezeka ndi khadi la Congress unali mlandu, ndipo ambiri anatentha makadi, malisiti ndi makalata a chipani. Chaka chomwecho Orton Chirwa, mwana wa boma lino ndiponso loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anayambitsa Malawi Congress Party mothandizana ndi mnyamata Aleke Banda, wa kwawo ku Tukombo, ndipo kanyuzipepala ka Aleke kopukusa pa makina, Mtendere pa Nchito, kankadutsa m'manja ambiri mpaka kutha.

Tambala, kwacha ndi makadi

Ufulu utabwera mu 1964, nkhope ya Dr Kamuzu Banda inalowa m'malo mwa ya Mfumukazi. Sikisi anali wa tambala, sheleni ya chimanga, masheleni awiri a njovu ndi mwana wake, ndipo pa ndalama zapepala panali asodzi m'bwato dzuwa likutuluka pa nyanja. Pa 15 Febuluwale 1971 kunabwera kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Sheleni inasanduka 10 tambala, chimanga chake chili chomwecho, ndipo akuluakulu anapitiriza kuwerenga m'masheleni kwa zaka zambiri. Positi nayo inakumbukira nyanja: mu 1967 inatulutsa masitampu a sitima zakale, Ilala yoyamba, Dove, Chauncy Maples ndi Guendolen.

Koma nyengo yomweyo inatenthetsanso mapepala ena. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume wa ku Usisya anathawira kunja, ndipo boma la Nkhata Bay linayamba kuyang'anidwa ndi diso lofiira. Kalata yochokera ku Tanzania kapena ku Zambia inkatha kutsegulidwa m'njira. Chithunzi chimene munthu anajambulitsa ndi nduna yakale chinali chokwanira kumulowetsa m'mavuto. Mabanja anasankha moyo, mapepala n'kupita pamoto kapena m'chimbudzi. Pepala limene linachuluka m'malo mwake ndi khadi la chipani, limene a Youth League ankafunsa pa msika, pa basi ndi pokwera sitima. A Mboni za Yehova, amene analetsedwa mu 1967, anazunzika koopsa chifukwa chokana kuligula. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha a Malawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Ulendowo unayambiranso pang'ono pansi pa bungwe la TEBA mpaka 1988.

Mapepala ndiwo anathandizanso kutembenuza zinthu. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inaletsedwa, koma inachulukitsidwa pa fotokope n'kufika paliponse, pamodzi ndi timakalata topanda dzina timene anthu ankapeza m'mawa m'misewu. Orton Chirwa, amene anali atagwidwa n'kumangidwa, anamwalira m'ndende ya Zomba chaka chomwecho. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo nyali inapambana. Nkhope za pa ndalama zinasintha: Bakili Muluzi mu 1995, John Chilembwe mu 1997, ndipo mu 2012 kunabwera M'mbelwa Wachiwiri, Gomani Wachiwiri, James Sangala ndi Rose Chibambo. Kwacha itagwa mphamvu mu 2012, mu 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matambala anasowa ntchito. Mwana wa lero saidziwa 5 tambala ya chithunzi cha mbalame ya kumadzi ija.

Zimene zatsala

Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera a mvula yambiri m'Malawi. Chinyezi, nkhungu, chiswe ndi mphemvu zadya zambiri zimene mantha anasiya. Ngakhale nyumba za boma sizinapulumuke. Moto wa mu 1919 ku maofesi a boma ku Zomba unapsereza zolemba zambiri za zaka zoyamba za utsamunda, ndipo mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku ake onena za Malawi. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti linkasunga mobisa ku Hanslope Park mafayilo amene linachotsa m'maiko ake akale, ena mwa iwo a Nyasaland, ndipo lero wofuna kuwawerenga ayenera kupita ku Kew. Zosungika bwino kwambiri ndi zimene zinachoka. Zimene zili kuno zili ku National Archives ku Zomba, imene inayamba mu 1947, ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala ku Blantyre, ku Stone House ku Livingstonia, ndi m'mabokosi achitsulo a m'midzi.

Mbiri ya mitengo ya ku okushoni imafika kumudzi itakula kale. Anthu amamva kuti sitampu imodzi ya ku British Guiana inagulidwa madola oposa 9 miliyoni mu 2014, zimene zili zoona, n'kuyamba kuganiza kuti kobiri loboola la agogo ndi mgodi. Mphekesera ya rupiya ya Jeremani, yoti ili ndi mphamvu zachilendo ndipo pali Azungu ofuna kuigula ndi chuma chambiri, yazunguza anthu ku Tanzania kwa zaka zambiri, ndipo atsizinamtole amadyera pomwepo. Zoona zake n'zakuti makobiri a Chitaganya anasulidwa mamiliyoni, ndipo pa intaneti ambiri amagulidwa ndi ndalama yochepa. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa, kusaperepeseka, ndi umboni wa kumene chinthucho chachokera. Kobiri lokwechedwa ndi phulusa kuti liwale latha mtengo, ndipo sitampu yomatulidwa pa envelopu yake yataya theka la nkhani. Ndiponso lamulo la Monuments and Relics Act sililola kutulutsa m'dziko zinthu zakale zotetezedwa popanda chilolezo.

Kalata wamba ya mtchona, yopempha kuti ana asaleke sukulu kapena yofunsa ngati khoka linakonzedwa, siingapeze wogula wamkulu. Komatu ndi imene ikusowa m'mbiri ya dziko lino, pakuti za Laws, za Johnston ndi za abwana a DC zinalembedwa kale mokwanira. Ndipo zoterezi sizidzaonjezekanso. Anyamata a ku Nkhata Bay akupitabe ku Joni, koma ndalama amatumiza pa Mukuru, pa Airtel Money ndi pa Mpamba, uthenga pa WhatsApp, ndipo foni ikagwera m'nyanja zonse zapita. Nyengo ya pepala imene inayamba ku Bandawe mu 1881 yatsekeka tikuona.

Ntchito yotsala ndi ya m'banja, ndipo siifuna ndalama zambiri: kutsegula bokosi lija kwa Mkumbira, kwa Mankhambira, ku Usisya, ku Tukombo ndi ku Chintheche, kuyanika mapepala pamthunzi, kuwajambula, kulemba maina kuseri kwa zithunzi ndi pensulo, ndi kupereka makope kwa osunga zakale ku Mzuzu kapena ku Zomba. Koposa zonse, kuwawerenga mokweza pamaso pa akuluakulu, monga ankawerengedwera tsiku lofika. Amene anakwera ndege ya Wenela isanaimitsidwe mu 1974 lero ali m'zaka za m'ma 70 kapena kupitirira, ndipo iwo ndi alongo awo ndi okhawo amene angatiuze kuti dzina la pa chitupa linali la yani, anapita chaka chanji, ndipo n'chifukwa chiyani sanabwerere.